Ana athu amalima ndi kutunga madzi: za masewera olimbitsa thupizi n'zathunso?

Funso

Ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina yapulayimale kufupi ndi Ngabu. Pamsonkhano wina a zaumoyo anatiuza kuti tizilimbikitsa ana kuchita masewera olimbitsa thupi kuti adzapewe matenda akadzakula. Nditawafotokozera makolo, bambo wina anaimirira n'kunena kuti: "Mwana wanga amalawirira kumunda kukapalira thonje, akabwerako atunge madzi, kenako ayende wapansi kubwera kuno, dzuwa likuswa mtengo, kumimba kuli pepuu. Mukufuna alimbenso bwanji?" Anthu anaomba m'manja, ine ndinasowa pogwira. Kodi nkhaniyi si ya ana a m'tauni? Ngati ikutikhudza ife a kuchigwa kuno, tiyambire pati?

Yankho

Ahedi, bambo ameneyo musamuone ngati wovuta. Funso lakelo ndi limene ife a zaumoyo timayenera kukhala titaliyankha tisanaime pamsonkhano uliwonse kuchigwa cha Shire kuno, koma kawirikawiri timabwera ndi uthenga wophikidwa kale kulikulu n'kuusiya m'manja mwanu. Zambiri zimene ananenazo n'zoona, ndipo ndiyambira pomwepo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 patsiku, tikaphatikiza masiku onse a sabata. Mwamphamvu ndithu ndiye kuti mtima ugunde mofulumira, mwana apume mwawefuwefu, kathukuta katuluke. Masiku atatu pasabata pazikhalanso zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha ndi kuthamanga liwiro. Bungwe lomwelo linapeza kuti padziko lonse achinyamata 81 mwa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 safika pamlingo umenewu. Komatu malangizowo sanena kuti ola limenelo likhale la mpira basi. Kuyenda ndawala kupita kusukulu kumawerengedwa, kupalasa njinga kumawerengedwa, kulima nakonso. Mnyamata wa ku Makhanga amene amapalasa bwato m'mawa uliwonse, kapena mbusa amene amapirikitsana ndi ng'ombe mpaka madzulo, ola lake amalikwanitsa n'kupitirira. Ngakhale kwa akuluakulu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti Amalawi osagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira anali pafupifupi mmodzi yekha mwa 10. Choncho munthu woimirira pamaso pa alimi a thonje n'kumawauza kuti ana awo ndi aulesi ndiye kuti sakuwadziwa anthu amene akulankhula nawo.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuumirirabe kuti nkhaniyi ndi yathu?

Kafukufuku wa 2009 yemwe uja anapezanso kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija timangoti BP, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe. Silinasankhe wa kumudzi kapena wa m'tauni. Matenda a shuga anapezeka mwa anthu pafupifupi 6 mwa 100. Kafukufuku wina, wa ku Karonga ndi ku Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi onenepa kupitirira muyezo anali 27 mwa 100 kumudzi koma 44 mwa 100 m'tauni, pamene abambo anali 9 kumudzi ndi 18 m'tauni. Anthu ake ndi amodzimodzi, Amalawi okhaokha. Chasintha ndi zimene akudya ndi mmene tsiku lawo likuthera.

Ndipo moyo wa m'tauniwo sukudikira kuti ana anu aupite, ukubwera wokha ndi msewu wa M1. Inuyo mwakhalitsa ku Ngabu, mukukumbukira nthawi imene kabaza yense anali wakapalasa. Lero pasiteji ya Dyeratu, Nchalo kapena Bangula njinga zamoto zachuluka. Mtondo ukulowedwa m'malo ndi chigayo, ndipo zimenezo n'zabwino, amayi athu apumeko. Koma pamalo ochitira malonda omwewo mupeza anyamata atakhala m'nyumba ya vidiyo kuyambira masana mpaka usiku, ena maso ali pafoni kubetcha mpira wa ku England, chakudya chawo tchipisi, zigege ndi chakumwa chotsekemera. Mwana amene ali mu Sitandade 7 kwa inu lero, akadzafika zaka 30 mwina adzakhala akugulitsa mugolosale, kuyendetsa minibasi, kapena ali ku Ndirande kaya ku Joni. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mphamvu zimene mwana akugwiritsa ntchito lero zamangiriridwa ku khasu ndi chigubu. Tsiku limene adzatule khasulo, zonse zidzathera pomwepo, ndipo iye adzaona ngati wapulumuka, chifukwa chiyambire thukuta kwa iye linali chizindikiro cha umphawi. Koma amene anazolowera mpira, kuvina kapena kuthamanga chifukwa chokonda, amapita nacho chizolowezicho kulikonse. Munthu sasiya chinthu chimene chimamusangalatsa chifukwa choti wapeza ntchito.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuchigwa kuno. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Thupi limene linakula ndi njala, likadzakumana ndi mafuta, shuga, mchere wambiri ndi kukhala pansi tsiku lonse, limagwidwa msanga ndi shuga ndi BP kuposa thupi limene linkadya mokwanira kuyambira ali khanda. Ndiye kuti ana a kwathu kuno, amene ambiri aona chilala ndi madzi osefukira mosinthanasinthana, matenda amene timawatcha a anthu olemerawo adzawapeza mosavuta.

Tsopano tiyang'ane ntchito ndi masewera, poti bambo uja anaziika m'thumba limodzi. Taonani mtsikana wa zaka 12 akuchokera kumjigo. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, pamene mwiniwakeyo mwina sapitirira makilogalamu 35. Wachisenza pankhata, khosi lauma gwa, dzanja limodzi lagwirizira, akuyenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Abwereza katatu. Kumunda awerama maola atatu mbali imodzimodzi. Ntchito imeneyi imalimbitsa minofu ina, sindikana, koma imapanikiza khosi, msana ndi chiuno pamalo omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo siilola kuti mwana apume pamene thupi lapempha. Amayi ambiri amene amabwera kuchipatala akudandaula khosi ndi msana anayamba kusenza ali msinkhu umenewu.

Mtsikana yemweyo muoneni pafulaye. Anzake awiri aima uku ndi uku, iye ali pakati, akudzaza mchenga m'botolo uku diso lili pampira. Mpira ukubwera, wazinda, wadumpha, wagwada, watembenuka, wawakha n'kuuponya kutali, wathamangiranso kubotolo. M'mphindi zisanu mtima wagunda kufika pamwamba n'kutsika kangapo, mfundo zonse za thupi zapindika mbali zonse, maso ndi manja zagwirizana, ndipo akatopa amatuluka n'kupuma, kuseka kuli pakamwa. Kudumphadumpha kotere, kwa fulaye, jingo, phada ndi ntchemberembaye, ndiko kumalimbitsa mafupa, ndipo nthawi yake ndi yomweyi, chifukwa gawo lalikulu la mphamvu ya mafupa imene munthu adzakhale nayo moyo wake wonse limakhala litamangidwa pofika zaka 20. Kuthamanga kopumirapumira kumakulitsa mphamvu ya mtima ndi mapapo. Minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga m'magazi, thupi n'kumamva bwino insulini (chimene chimalithandiza kugwiritsa ntchito shuga), ndipo mitsempha ya magazi imakhala yofewa. Zimenezi ndi zimene zimachedwetsa kapena kulepheretsa shuga, BP ndi sitiroko patsogolo. Sizigwira zokha ayi: mchere, fodya ndi mowa zili ndi mbali yake, ndipo mpira suteteza malungo kapena kolera. Masikito ndi madzi aukhondo zikhale patsogolo monga kale.

Phindu lina limaoneka lero lomwe, osadikira ukalamba. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndinagwirako ntchito pamsasa wina wa anthu othawa madzi. Masiku oyamba ana ankangokhala m'mbali mwa makalasi, duu, ena osafuna n'kudya komwe, usiku kumadzidzimuka mvula ikangowaza padenga. Tsiku lina ndinaona anyamata akutolera mapepala apulasitiki amene munabwera katundu, akuwakulunga ndi kuwamanga ndi luzi mpaka chikulunga chinatheka. Magolo anali mapatapata. Madzulo amenewo ndi pamene ndinamva ana akukuwa mokondwa koyamba pamsasapo, ndipo mayi wina anandiuza m'mawa mwake kuti mwana wake wagona mpaka kucha. Madokotala amadziwa kuti masewera amachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, amathandiza tulo, ndiponso mwana amamvetsera bwino m'kalasi. Kwa ana a Chikwawa ndi Nsanje, amene aona madzi a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy, ameneyu ndi mankhwala amene sitingawapeze m'famase.

Pa za njala bambo uja analasa penipeni, ndipo apa musagonje kwa wina aliyense. Mwana wanjala asathamangitsidwe. Ngati pasukulu panu pamaphikidwa phala, masewera azibwera ana atamwa phalalo ndipo lakhazikika, osati asanamwe. Ngati palibe, m'miyezi yovuta ya Januwale mpaka Malichi chepetsani: nyimbo zovina pang'ono, phada, masewera a mphindi khumi, wofuna kukhala pansi akhale popanda kumunyoza. Mwana amene akutopa msanga kuposa anzake, amene zikhatho ndi m'zikope mwayera, mwina magazi ndi ochepa chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba kapena likodzo. Ameneyo akufunika chipatala, ndipo kawirikawiri mphunzitsi amene amaonerera ana akusewera ndiye amayamba kuzindikira. N'chifukwa chake ine ndimati ndondomeko ya masewera m'sukulu ndi ndondomeko ya phala ndi chinthu chimodzi. Wofuna ana athamange ayambe wafunsa ngati adya.

Dzuwa ndilo limasiyanitsa chigwa chino ndi Dedza kapena Mzimba, ndipo ndondomeko yolembedwa mofanana dziko lonse imalakwitsa pomwepa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo miyezi imeneyi imagwera m'kati mwa teremu yoyamba. Kutulutsa ana kubwalo 11 koloko kapena 1 koloko masana nthawi imeneyo n'kuika moyo wawo pachiswe. Nthaka yokha imawotcha mapazi, ndipo ana ambiri amasewera opanda nsapato. Sinthani ndandanda: m'chilimwe masewera akhale m'mawa 9 koloko isanakwane, kapena madzulo 4 koloko itadutsa. Mipikisano yothamanga ndi ya mpira wautali ikhale m'miyezi ya mwera, Meyi mpaka Ogasiti. Ndowa ya madzi akumwa otetezedwa ikhale pamthunzi pafupi ndi bwalo, ana azimwa asanayambe ndiponso pakatha mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu. Ndikudziwa kuti mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere ndipo ana amawakana, tsono madzi a tsiku la masewera akonzedweretu kuchokera kumene kuli abwino. Aphunzitseni ana kuyang'ana mkodzo wawo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Ukakhala ndi magazi, limenelo ndi likodzo, anene.

Mphunzitsi aliyense adziwe zizindikiro izi. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, atuluke, agone pamthunzi, amwe madzi kapena Thanzi, ndipo tsiku limenelo asabwererenso. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kukomoka kapena kugwa, thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi yoopsa. Mumuvule zovala zokhuthala, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo muzipitiriza kumuthira madziwo muli pa ulendo wa kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu. Panado sathandiza pakutentha kwa mtundu umenewu. Mwina angakhale malungo aakulu, koma zonse ziwiri njira yake ndi ya kuchipatala mwachangu.

Ena amati poti kukutentha, ana azikasambira. Kusambira ndi masewera abwino kwambiri, koma osati mu Shire kapena m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi. Ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa, ndipo m'madzi odikha ndi mmene muli nkhono zofalitsa likodzo. Sukulu isalimbikitse zimenezo.

Ndikadauzidwa kuti ndisankhe gulu limodzi loti ndondomeko yonse iyang'anepo, ndikadasankha atsikana a zaka 12 mpaka 17. Pa chiwerengero cha WHO chija, atsikana osafika pamlingo anali 85 mwa 100, anyamata 78. Kuno kusiyanako mungakuone ndi maso. Pitani pabwalo lililonse 5 koloko madzulo: anyamata ali pampira, atsikana ali kumjigo, kunkhuni, pamoto kapena mwana ali kumsana. Mtsikana amene ankazinda fulaye kuposa onse mu Sitandade 4, akangotha msinkhu amauzidwa kuti wakula, asamadumphedumphe pamaso pa amuna. Ndamvapo makolo akunena kuti mpira umagwetsa mabere, ena amati umatseketsa kubereka. Zonsezi si zoona. Ngakhale pamene ali kumwezi mtsikana angathe kusewera ngati akufuna, ndipo kwa ambiri kuyendayenda kumachepetsa cham'mimba. Chimene chimamuletsa kwenikweni ndi mantha oti adetsa diresi anyamata n'kumuseka, kusowa kabudula wamkati ndi kamisolo womugwira bwino, ndi kusowa chimbudzi chotseka chokhala ndi madzi choti akasinthireko. Zimenezi n'zotheka kukonza. Amayi a mother group m'sukulu zambiri amasoka kale mapadi ochapa. Akhale nawo pokonza za masewera, ndipo anankungwi musawasiye kunja, chifukwa mawu awo ndi amene mtsikana amamvera kuposa anu kapena anga.

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Sindikunena kuti ntchemberembaye imaletsa mimba. Koma timu imamupatsa mtsikana anzake omufunafuna akajomba, mayi wamkulu womukhulupirira amene angamuuze zakukhosi, ndi chifukwa chinanso chobwerera kusukulu Lolemba. Makolo okayika muwakumbutse za Mwai Kumwenda, amene mpira wamanja unamufikitsa ku Australia, ndi Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, amene lero dziko lonse likuwadziwa. Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America mu 2024. Komabe cholinga chathu si kupeza Temwa wina. Akapezeka tidzavina, koma ife tikufuna atsikana 60 onse a m'kalasimo.

Mawu amenewa akundifikitsa pa zimene zimachitika m'sukulu zambiri. Masewera amatanthauza timu ya sukulu: anyamata 11, atsikana 7, ndipo ana ena mazanamazana amakhala m'mbali kuimba nyimbo zochemerera. Mwana wonenepa, wamanyazi, wolumala kapena wosathamanga, amene ndiye akufunika masewerawo koposa, sakhudza mpira chaka chonse. Kuwonjezera apo, kupulayimale masewera olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo, magule, zisudzo ndi zojambula mu phunziro la Expressive Arts, ndipo ndaona nthawi zambiri phunziroli likuphunzitsidwa pabolodi, ana akukopera malamulo a mpira m'kope osaugwira, kapena nthawi yake ikulandidwa ndi masamu mayeso a Sitandade 8 akayandikira. Inu monga ahedi muli ndi mphamvu pa zimenezi popanda kupempha chilolezo kwa wina. Gawani kalasi m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse ndi chikulunga chake kapena chingwe chake, onse azisewera nthawi imodzi. Ana a Sitandade 7 angathe kutsogolera a Sitandade 2. Pakati pa maphunziro awiri aatali, aimirire avine nyimbo imodzi. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse: kuthamanga mozungulira bwalo, kudumpha ngati chule ndi kukumba dzenje zisakhale zilango. Mwana amene wathamangitsidwa chifukwa chochedwa amaphunzira kuti kuthamanga ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo phunziro limenelo saliiwala.

Magule athu musawaone ngati a tsiku la alendo lokha. Amene anavinapo likhuba kapena utse mpaka ng'oma kuleka akudziwa mmene mtima umagundira. Ulimba ukalira palibe mwana amene amafunsa kuti nsapato zampira zili kuti. Magule safuna ndalama, amatenga atsikana ndi anyamata, angachitikire pansi pa mtengo, ndipo makolo amene amakayikira mpira sakana kuti mwana aphunzire gule wa makolo ake. Itanani akuluakulu a m'mudzi odziwa kuimba ng'oma azibwera kamodzi pasabata.

Ana odwaladwala asasiyidwe pakhonde. Wa mphumu amasewera bwino akayamba pang'onopang'ono, mankhwala ake opopera ali pafupi, ndipo apewe fumbi lambiri. Wa khunyu amene akumwa mankhwala angasewere mpira, koma asakwere mitengo kapena kulowa m'madzi yekha. Wa matenda a magazi a sickle cell azisewera mofatsa, azimwa madzi pafupipafupi ndipo azipuma akangofuna. Mwana wachialubino asewere m'mawa kapena pamthunzi, atavala chipewa ndi malaya aatali manja, atadzola mafuta ake oteteza kudzuwa. Yekhayo amene amamva kupweteka pachifuwa, kubanika kwambiri kapena kukomoka akamathamanga ndiye ayambe waonedwa ndi dokotala, chifukwa pali ana ena amene mtima wawo unavulala ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa.

Bwalo lenilenilo ndi nkhani ya mafumu ndi komiti ya sukulu. Mabwalo ambiri akutha: uyu walimako m'mphepete, uyo waumba njerwa pakati, ngolo zadulapo njira. Kwanu ku Ngabu kuli dothi la makande, limene m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, m'dzinja n'kukhala phala. Bwalo lotero limafuna kukwiriridwa ming'alu ndi kuchotsedwa minga teremu iliyonse, ntchito ya tsiku limodzi makolo akagwirizana. Pemphani agulupu aike malire pamaso pa anthu, ndipo m'malirewo mudzale nimu. Mtengo umenewu umapirira kuno, ukangotetezedwa ku mbuzi zaka ziwiri zoyamba, ndipo ukakula udzakhala mpanda ndi mthunzi nthawi imodzi. Madzi akasefukira sukulu zimasanduka misasa, matenti n'kukhomedwa pabwalo lampira. Palibe angakane zimenezo pangozi, koma a komiti yoona za ngozi asiyeko kachigawo koti ana azisewerapo, ndipo anthu akabwerera kwawo maenje a zimbudzi akwiriridwe bwino bwalo libwerere mwakale.

Kumbali ya boma, zolembedwa zilipo. Mayiko a mu WHO, Malawi ali momwemo, anagwirizana mu 2018 kuti pofika 2030 achepetse ndi magawo 15 pa 100 chiwerengero cha anthu osagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira. Unduna wa Zaumoyo uli ndi ndondomeko yake ya 2023 mpaka 2030, ndipo matenda osapatsirana ali m'menemo. Vuto ndi lakuti nkhaniyi ili ndi eni ake ambiri: a zaumoyo amati ndi ya a maphunziro, a maphunziro amati ndi ya a zamasewera, a zamasewera maso ali pa Flames ndi Queens. Pamapeto pake chimene chimafika kumudzi ndi bonanza, kawirikawiri chisankho chikayandikira: matimu a anyamata akuluakulu, yunifolomu, chikho, zithunzi, kenako zii. Ine bonanza sindidana nayo, imasangalatsa anthu. Koma ndalama ya bonanza imodzi ingagule mipira, zingwe ndi ndowa za sukulu zingapo, n'kuphunzitsa mphunzitsi mmodzi pasukulu iliyonse za masewera ndi chithandizo choyamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo m'dziko muno theka la anthu ndi osakwana zaka 18. Ana ochuluka chonchi chikho chimodzi sichingawafikire. Chingawafikire ndi ola la masewera lotetezedwa pandandanda ya sukulu iliyonse, losinthidwa malinga ndi nyengo ya kuchigwa, phala, madzi, ndi bwalo limene khonsolo yalilemba kuti si logulitsa. Zimenezi muzitengere ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC, kuti zilowe m'mapulani a chitukuko, ndipo aphungu ndi makhansala afunsidwe za izo pamene akukamba za ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF.

Wina akati zimenezi n'zowonongetsa ndalama pamene zipatala zikusowa mankhwala, ndimamufotokozera za bambo wa zaka za m'ma 40 amene ndinamuona atagwa ndi sitiroko. Ambulansi inakwera naye mapiri a Thabwa kupita kuchipatala cha Queens ku Blantyre, anabwerako mbali imodzi itafa. Mkazi wake anasiya geni kuti azimusamala, ng'ombe ziwiri zinagulitsidwa, ndipo mwana wamkazi woyamba anasiyira sukulu Fomu 2. BP yake inali isanayezedwepo chibadwire. Mankhwala a BP ndi shuga munthu amamwa moyo wake wonse, ndipo impso zikafa makina otsukira magazi m'zipatala za boma ndi owerengeka. Dziko lathu silingakwanitse kuchiza onse amene akubwera m'njira imeneyi ngati sitichepetsa chiwerengero chawo akadali ana.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, uja timati HSA, ndiye mnzanu woyamba. Mukhale naye pansi mugwirizane tsiku limodzi pateremu loti pakhale masewera a sukulu yonse makolo ataitanidwa, iye abwere ndi anzake a kuchipatala ndi makina oyezera BP, aziyeza akuluakulu pansi pa mtengo ana akusewera. Achinyamata amene anasiya sukulu, makamaka a njinga zamoto ndi ogulitsa m'misika, apatsidwe bwalolo madzulo ena kudzera m'makalabu a achinyamata ndi m'mipingo ndi m'mizikiti, pokhapokha avomere kuti masiku ena ndi a atsikana.

Bambo uja mukamupeze kwawo, osati pamsonkhano. Mukamuuze kuti ananena zoona, mwana wake ndi wolimba ndipo sukulu sikufuna kumuwonjezera ntchito. Mukamulonjeze kuti mwanayo sadzathamangitsidwa dzuwa lili paliwombo kapena asanadye. Kenako mukamupemphe chinthu chimodzi chokha: masiku atatu pasabata, 4 koloko ikakwana, mwanayo amasulidwe kwa ola limodzi, ndipo ngati ali ndi mwana wamkazi, mchimwene wake amulandire chigubu tsiku limenelo kuti nayenso apite. Mukamufunsenso gule amene ankavina ali mnyamata, ndipo ngati amatha ng'oma, Lachitatu likubwerali abwere nayo kusukulu.